Kapu Yobooka ya Tamanda

Khalani pansi, amayi anzanga, mgolo uwu sudontha msanga ngakhale muutong'olere maso chotani. Sonkhezerani zitsononkho ziwiri zitatu basi, moto ukachuluka mafuta amatuluka akuda ngati phula. Inu amake Feliya, masana aja ndinakukalipirani mutafuna kuponya kambale kobooka mu mgolo, ndipo ndinaona kuti munatupa. Tupani ndithu, koma mumve kaye chimene chinachitika pabwalo lomwe lino.

Ntchito iyi pano pa Chimbalanga anaiyambitsa ndi mng'ono wanga Esinala ndi mwamuna wake, alamu anga a Filimoni Kachingwe. Alamu ankawotcherera zitsulo ku tawuni, ndipo kumeneko ndi kumene anaona anthu akuphika mapulasitiki n'kutulutsa mafuta. Atabwera nayo nkhaniyo kuno anthu anawaseka, woyamba kuseka ndinali ine. Esinala sanaseke. Ife tinakula tikutcheza kachasu ndi malemu mayi athu, ndiye atangomva za mgolo womata ndi dothi la pachulu kuti mpweya usalowe, paipi yodutsa m'madzi ozizira, ndi chigubu cholandirira kumapeto, anawomba m'manja.

"Bambo a Tamanda, ulendo wonsewu munapita kukaphunzira kutcheza? Bwenzi mutangondifunsa ine."

Anayamba choncho. Pansi makoko a mtedza, pamwamba majumbo, zigubu zotha, ndowa zosweka. Nthunzi inkadutsa m'paipi n'kusanduka mafuta, mpweya wotsala ankaubwezera pamoto, ndipo zotsalira mu mgolo ankaumba makala. Mafutawo ena ankayatsira koloboyi, ambiri ankapita kuchigayo cha a Thawale, bambo wachikulire amene ankasakaniza ndi dizilo. A Thawale omwewo ndi amene ankatsogolera adzukulu pamaliro a m'mudzi muno.

Esinala ndi alamu anali ndi mwana mmodzi, Tamanda, amene anali asanayambe n'komwe sukulu. Kamtsikana kolongolola, ndipo sindinama, ena amati kanatengera ine. Anali ndi kapu yake yachikasu imene sankalola munthu kumwera. Ankailuma m'mlomo mpaka inali ndi timano take kuzungulira. Chogwirira chitathyoka analira tsiku lonse, mpaka bambo ake anapota kawaya ka mkuwa n'kupanga china. Kuyambira pamenepo kapu ija ankagona nayo. Madzulo aliwonse unkamva ikukhwekhwereza pansi pa mtsuko, chifukwa mwanayo sankatunga pamwamba, ankati madzi okoma ali pansi.

Malungo anamutenga mwezi wa kutentha uja mvula isanagwe. Sindifotokoza zambiri, mtima wanga sunapole mpaka lero.

Kumanda, monga mwa chikhalidwe chathu, zinthu zake zinaikidwa pamtumbira. A Thawale anatenga kapu ija n'kuiboola pansi ndi msomali, kuti wamoyo asaisirire. Palibe anatsutsa, poti ndi mmene timachitira. Koma pobwerera Esinala anandigwira mkono n'kundinong'oneza.

"Achemwali, nanga mwana wanga azimwera chiyani? Kapu yobooka isunga madzi?"

Ndinamuuza kuti asamaganize zimenezo. Ndi yankho lopusa, koma lina ndinalibe.

Mwambo wosesa utatha, m'nyumba mwa Esinala ndi alamu munalowa chete woipa. Sanakangane, sanatukwanizane. Vuto linali lakuti chiyambireni ankaitanana kuti bambo a Tamanda ndi amake Tamanda, ndipo tsopano dzinalo linkawabaya pakhosi. Lina loitanirana analibe. Ndiye anangosiya kuitanana. Ntchito ankaigwira mosinthana, wina mamawa wina madzulo, aliyense n'kumangoona pamene mnzake walekezera.

Tsono mvetserani apa, chifukwa ndi pamene panagona nkhani. Pulasitiki yonyowa imaononga mafuta. Pachifukwa ichi, chilichonse chosunga madzi, kaya ndi kapu, mbale, beseni, iwo ankachiboola pansi ndi msomali n'kuchiyanika kuti chitsanuke. Mmene tichitira ife lero lino.

Mvula ya chaka chimenecho inabwera yaukali. Mtsinje wa Kakuyu unadzaza n'kusiya zinyalala mbwee m'mabango monse. Anthu otola anabweretsa matumba, n'kukhuthula pabwalo pano mulu wa zinthu zamatope okhaokha, mtundu wake osaoneka. Esinala atabwera mamawa anaona zambiri zili zoboola kale, anati mwamuna wake wagwira ntchito. Alamu atabwera madzulo anaonanso chimodzimodzi, anati mkazi wawo wagwira ntchito. Anangokokolola n'kulonga, n'kumata mgolo. Akanakhala kuti ankalankhulana, mawu awiri okha akanakwana.

Tsiku limenelo ine ndinalipo, ndinabwera kudzathandiza kusonkhezera. Choyamba chimene ndinaona ndi moto. Mphepo inkachokera kumtsinje, koma kalawi kobiriwira kaja ka mpweya wobwerera kankaweramira komweko, ngati munthu wotchera khutu. Kenako mu mgolo munayamba kumveka kaphokoso. Mgolo umalira ndithu ukatentha, nonse mwaumvapo, koma uku sikunali kulira kwa chitsulo. Kunali ngati anthu akusonkhanitsa mbale atatha kudya. Ndinayang'ana alamu, alamu anayang'ana pansi.

Mafuta anatuluka ambiri kuposa kale lonse, oyera mbee, osafunika n'kusefa komwe. Sankanunkha chopserera. Ankanunkhira dothi limene lagwedwa mvula yoyamba. Alamu ananyamula chigubu chachikulu kupita nacho kuchigayo, china chinatsala pakhonde.

Patapita masiku angapo, ndikuchokera kumunda chakumadzulo, dzuwa litalowa koma kukuonekabe, ndinakumana ndi bambo wina pamphambano ya kumtsinje. Wokalamba, wovala jekete labwino koma lamakwinya ngati lakhalitsa m'sutikesi. Anapatuka panjira mwaulemu, manja kumbuyo.

"Zikomo mayi. Kodi kumene amaphika mapulasitiki ndi kuno?"

Ndinawalozera. Sanasunthe.

"Mbale yanga inapita kumeneko. Yobiriwira. Si kanthu kwenikweni, koma anandipatsa ndi mkazi wanga, ndipo panopa ndikulandirira m'manja."

Ndinawauza kuti akafunse eni ake, ndipo ndinapitirira. Nditayenda pang'ono ndi pamene ndinazindikira chimene chinkandivuta. Njira yonse inali matope, ine mapazi anali atalemera, koma nsapato za bambo aja zinali zouma. Sindinacheuke. Khasu ndinalipeza mawa lake pamene ndinaligwetsa.

Si ine ndekha. Mayi wina wogulitsa tomato anati anaona anthu angapo ataima kuseri kwa mpanda uwu kutangoda, osalankhula, ngati odikira kuchipatala. Agalu sanawauwe, ankangolowa pansi pa nkhokwe. M'makomo oyandikana nafe munayamba kusowa tinthu: apa sipuni, apo kambale, ndipo mawa lake unkazipeza pakhomo zitatsukidwa bwinobwino. Anali obwereka aulemu, koma palibe amene ankagona tulo.

Kenako a Thawale anabwera okha ndi chigubu chija panjinga, chitangotsika pang'ono. Anakana mpando.

"A Kachingwe, mafuta anuwa injini ikuwakonda. Sinayambe yayendapo mofewa chotere. Koma ikangolira, pansi pa phokoso lake pakumveka anthu akucheza. Dzulo amayi a pamzere anangoyamba kugwetsa misozi, aliyense osadziwa chimene akulirira. Ine ndamva chifuwa cha munthu amene ndinamukwirira ndi manja angawa."

Ine ndinawafotokozera za bambo wa jekete. A Thawale anavula chipewa.

"Ndi a Jelemani amenewo. Jeketelo tinawaveka ndife. Ndachokera kumanda. Madzi sanakumbe munthu ayi, onse ali m'malo. Koma anadutsa pamwamba mbali ya kumunsi ija n'kukokolola zonse za pamitumbira. Palibe chatsala."

Mbali ya kumunsi ndi kumene kunagona Tamanda. Alamu anakhala pansi padothi pomwepo. Esinala anali pakhomo, ndipo nkhope yake sinasinthe. Ndinadziwa kuti kwa iye sinali nkhani yachilendo.

A Thawale anati mafuta onse a mgolo umenewo, ndi makala ake omwe, abwerere kwa eni ake. Mawa lake adzukulu ananyamula zonse, anakathira pang'onopang'ono pamtumbira uliwonse n'kupepesa. Mabanja anagula timbale ndi timakapu tatsopano. Kuyambira tsiku limenelo kuseri kwa mpanda kunalibenso munthu, masipuni anasiya kuyenda, agalu anayambiranso chipongwe chawo.

Mudzi unapuma, koma mng'ono wanga anayamba kutha. Anasiya kubwera pamgolo. Anasamuka kuchipinda n'kumagona m'khitchini, kachinyumba kaja mukukaona apo. Chitenje chinayamba kumuzungulira kawiri. Ine ndine munthu wosapirira, ndiye tsiku lina kutangoda ndinapita osaodira n'komwe, ndinangokankha chitseko.

Ndinamupeza atakhala pamphasa, koloboyi patsogolo pake. Lawi lake linali laling'ono, lokhazikika, lopanda mwaye, ndipo m'nyumba monse munkanunkhira mvula yoyamba. Pambali pake panali botolo la sobo, mafuta ali chapakati.

"Esinala, wabisa."

"Khalani pansi, achemwali. Musakweze mawu, muthawitsa mwana."

Ndinafuna kumukalipira, koma anatambasula dzanja. Munali kawaya ka mkuwa kopotedwa, kakuda ndi moto. Anati anakapeza posefa makala, a Thawale asanabwere n'komwe.

Ndinakhala. Sitinadikire nthawi yaitali. Pakona, kumene kuwala kunkalekezera, panali mtsuko. Chivundikiro chake chinagwedezeka pang'ono. Kenako ndinamva khwee, khwee, kapu ikukanda pansi pa mtsuko, kufuna madzi okoma aja. Sindinaone munthu, ndisakunamizeni. Ndinangoona mdima wa pakonapo uli wothithikana pang'ono, wamfupi, msinkhu wofika m'chiuno mwangamu.

Mantha ndinali nawo, koma chimene chinandigwira kwambiri ndi chifundo. Ndinkafuna kutambasula manja. Ndinamva mtima ukuwawa ngati tsiku la maliro lomwe lija.

Kenako tho, tho, tho. Madontho anayamba kuoneka padothi, kuchokera pamtsuko kubwera kumphasa, mzere wowongoka. Atafika pafupi ndi maondo a Esinala anali atatha. Kenako khwee, khwee, pamtsuko paja kachiwiri.

"Amatero mpaka ndizime nyale," anatero Esinala akumwetulira, misozi ikutsika. "Amabwera, achemwali. Ndikangoyatsa amabwera."

"Wamwapo?"

Anatembenukira kumtsuko.

"Esinala, ndikufunsa. Chiyambire, mwanayu wamwapo ngakhale kamodzi?"

"Madzi amathera panjira."

"Ndiye ukumuitana madzulo alionse kuti adzavutike ndi ludzu iwe ukuonerera?"

Mawuwo anali olasa, ndipo anamulasadi. Anagwira botolo lija n'kulikumbatira pachifuwa.

"Ndikudziwa. Mukuganiza kuti sindikudziwa? Koma ndikabweza mafutawa ndatsala ndi chiyani? Kamodzi ndinamupereka kale. Mukufuna ndimuperekenso ndi manja anga?"

Ndinamufunditsa nsalu yanga n'kutuluka.

Panja ndinatsala pang'ono kupunthwa pa munthu. Alamu anali atakhala pansi, msana atatsamira khoma la khitchini, khutu pafupi ndi mng'alu wa chitseko. Pamene anakhalapo panali posalala, poonetsa kuti si tsiku loyamba.

"Alamu, mukutani panja ngati mlendo?"

"Ndimamvera pomwe pano," anatero motsitsa. "Mamawa ndimadzaza mtsuko iwo asanadzuke. Mwana asapeze mouma."

"Bwanji osalowa?"

"Ndinalonga mgolo uja ndine, alamu. Kapu ya mwana wanga ndinaiponya pamoto ndi manja awa osaizindikira. Ndikalowa ndikanena chiyani? Ndiwaitana kuti ndani?"

Apa ndiye mkwiyo unandikwera. Anthu awiri olira mwana mmodzi, pakati pawo chitseko cha malata chopanda ndi loko womwe.

"Muwaitane dzina lawo. Mwana anamwalira, koma amene anamubereka ndi omwewo. Botolo lija likutha. Likadzatha ali okha m'menemo, mudzakumba manda achiwiri."

Ndinawasiya pomwepo n'kupita kwathu.

Mawa lake alamu anakwera njinga kupita kumsika. Madzulo ndinabweranso, ndinakhala ndi Esinala, nyale itayaka, madontho akuyenda ulendo wawo. Kenako chitseko chinagogodedwa.

"Amake Tamanda."

Esinala anadzidzimuka ngati wapsa. Pamtsuko paja phokoso linaleka.

"Amake Tamanda, ndilowe?"

Kenako mng'ono wanga, ndi mawu amene ndinali nditawaiwala, anati, "Lowani, bambo a Tamanda. Mwana ali pompano."

Analowa chowerama, n'kugwada pamphasa. M'thumba la malaya anatulutsa kapu yatsopano yachikasu. Chogwirira chake anali atachidula kale ndi mpeni. Esinala anaiyang'ana, kenako anamasula mfundo ya chitenje n'kuwapatsa kawaya kaja. Alamu anakapukuta ndi malaya mpaka mkuwa unaoneka, n'kukamangirira pamalo pake. Anapota ndendende ngati poyamba.

Ali mkati mopota, madontho aja anayambanso. Ulendo uno sanapite kwa mayi. Anakhota, n'kukathera pabondo la bambo. Alamu analira ngati mwana, ndipo Esinala anawagwira mutu. Ine ndinatuluka, zina si zoonerera.

Kutacha tinapita kwa a Thawale, poti kumanda sulowa wekha. Anatitsogolera. Esinala ananyamula botolo ndi koloboyi, alamu kapu, ine chigubu cha madzi a mumtsuko uja. Titafika pakamtumbira, a Thawale anapisa m'thumba n'kutulutsa msomali wawo. Esinala anagwira mkono wa mwamuna wake.

"Bambo, imeneyi musaboole," anatero alamu.

"A Kachingwe, mukudziwa mwambo. Yosaboola anthu amatola."

"Akatola ndidzagula ina. Akatolanso ndidzagulanso. Mwana wanga watunga mokwanira ndi kapu yodontha."

A Thawale anayang'ana msomali, anayang'ana Esinala mmene anaonderamo. Anaubweza m'thumba n'kutembenuka, n'kumayang'ana mitengo ngati pali china chofunika kumeneko.

Alamu anakumba pang'ono kumutu n'kukhazika kapu kuti madzi asadzaikokololenso. Esinala anaidzaza yekha mpaka m'mlomo. Kenako anatsanulira mafuta otsala m'koloboyi, ochepa zedi, n'kuyatsa dzuwa likuswa mtengo. Tinakhala pansi tonse. Lawi silinkaoneka bwino masana, koma tinaliyang'anira mpaka linafupika, linaphethira, n'kuzima. Esinala sanakuwe. Anangoti, "Imwa, mwanawe, ugone." Pobwerera ankayenda atatsamira mwamuna wake.

Madzulo a tsiku limenelo mtsuko unakhala chete, ndipo pansi panali pouma. Esinala analira usiku umenewo kuposa pamaliro, ndipo kwa masabata angapo sankandilankhula bwino. Ankadya pang'ono chifukwa alamu ankakhala pambali mpaka amalize, koma funso lake lija, loti mwana azimwera chiyani, linali likadali m'maso.

Tsono mwamva, amake Feliya. N'chifukwa chake pano timaboola tokha ndi msomali wamakona kuti chiboo chathu chizidziwika, ndipo chilichonse chobwera chili chobooka kale timachiika m'dengu lija, a Thawale amadzatenga. N'chifukwa chakenso wosiya ntchito amauza mnzake pakamwa pamene walekezera, kaya mwayambana kaya simunayambane.

Kumanda ndinapitanso chilimwe, pamaliro a munthu wina. Anthu akubalalika, ndinapatuka pang'ono kupita kumunsi. Kapu ija inali pomwepo, palibe anaitola. Inali youma, yafumbi. Ndinawerama kuti ndiipukute, ndipo chala changa chinamva kukakala m'mlomo mwake. Ndinaiyang'anitsitsa padzuwa, ndinaibwezera pamalo pake, n'kuthiramo madzi a m'botolo langa.

Ndinapeza Esinala pabwalo pano akuyanika makoko a mtedza. Ndinamuuza kuti pakapu paja pali timano.

Anaima, lichero lili m'manja. "Mbali iti?"

"Pafupi ndi kawaya."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndi pomwe amayambira," anatero. "Ndiye kuti wamwa."

Anaika lichero pansi, n'kuitana bambo a Tamanda kuti abwere adzamve okha.